Chigamba cha Pachikope Changa ndi Nazale ya Bambo

Khalani pansi, ana inu. Tadala, chotsa chala m'mphuno. Mphatso, bwera mbali ino, kumanzere kwangaku, uone bwino nkhope imene tikuikamba lero. Mayi anu apita kuchigayo ndipo akusiyani m'manja mwanga, ndiye m'malo mothamangitsa nkhuku za eni, mumva mbiri ya moyo wanga. Ukuseka chiyani? Ukuti munthu wongolekeza pa Fomu 4 alibe mbiri? Ine ndaona zinthu, iwe. Ndaona zambiri kuposa nkhalamba zonse za pa esiteti pano, chifukwa iwo akagona amatseka maso onse awiri, pamene ine limodzi linkakhala pa ntchito usana ndi usiku, lopanda holide.

Komanso musiye kunditchula kuti malume ngati ndine mnzanu wosewera naye phada. Ine ndine Layisoni. Limeneli ndi dzina la bambo awo a bambo anga, amene anamwalira kwathu ku Phalombe ine ndili m'mimba. Nditabadwa anandipatsa dzinalo, ndipo wolowa dzina amalowa ndi ulemu wake womwe. Simumva agogo anu aamuna akamandiitana? Amati "Bambo," ngakhale pondituma kukamanga mbuzi. Agogo anu aakazi amati "apongozi," ngakhale akundithamangitsa ndi chikuni. Ndiye ngati agogo anu ndi mwana wanga, inu ndinu ndani? Muziti mukandiona, kugwada. Koma poti mitu yanuyo ndi yaing'ono ngati mapapaya osakhwima, m'nkhani muno ndiziti bambo anga ndi mayi anga, kuti musasokonezeke.

Zonse zinayambira ku nazale, kudambo uko kumene timafesa fodya asanapite kumunda. Inu a masiku ano mumangoona mbande zitabiriwira, simudziwa kuti bedi la nazale limayamba latenthedwa. Amaunjika mapesi a chimanga pamwamba n'kuyatsa, kuti njere za udzu ndi tizilombo ta m'nthaka zife. Chaka chimenecho ndinali ngati iweyo Mphatso, kamimba patsogolo, kabudula wopanda lastiki. Mayi anali atapita kotunga madzi n'kundisiya ndi bambo. Bambo maso anali pa moto. Ine maso anali pa chiwala chimene chinkathawa motowo. Chiwala chake, ana inu, chinali ngati mwana wa mbuzi. Ziwala za kale sizinali zowonda ngati zanuzi. Ndinachithamangira, phazi linakodwa m'mapesi, tsaya lakumanzereli n'kukatera pa makala.

Bala linapola, koma popola linakoka. Mwaona mmene tsamba la fodya limakhwinyatira likamauma? Chipsera chinachita chimodzimodzi. Chinakokera chikope cham'munsichi pansi n'kuchitembenuzira kunja, ngati thumba la kabudula la munthu amene akusonyeza kuti alibe kalikonse. Chofiira cham'kati chija chinali poyera. Diso silinkatsekeka. Misozi, posowa poima, inkangotsika ndi tsaya.

Misozi yake! Ndiwo zikachepa mchere mayi ankangoti, "Apongozi, taweramirani mumphikamu." Pa ukwati ndinkalira. Timu yathu ikagoletsa ndinkalira. Akandipatsa chigumu ndinkalira, wopatsayo n'kuwonjezera china. Pa maliro ndiye ndinali wotchuka, azimayi ankakodolana, "Mwana wa chifundo uyu, womwalirayo sankamudziwa n'komwe." Kusukulu anandipatsa dzina loti Mlonda, poti ndikawodzera m'kalasi diso limodzi linkakhala likuyang'ana aphunzitsi. Anzanga onse anakwapulidwapo chifukwa chogona, ine ayi. Akuba fodya anavutitsa esiteti yonse chaka china, koma kwathu anangosuzumira pawindo, n'kupeza diso lofiira likuwayang'ana mwini wake akuliza mkonono. Ndikukuuzani, ena anakapumira ku Santhe.

Ndikuseka pano, koma si masiku onse amene ndinkaseka. Ana aang'ono ngati inu ankabisala kumbuyo kwa mayi awo. Pojambulitsa chithunzi cha kalasi ankandiimika chammbali. Ndinaphunzira kuyamba ndine kudziseka ena asanandiseke, ndiye pakamwa panga mukupaona pothamangapa panakulira pamenepo.

Kutchalitchi abusa akati, "Titseke maso tipemphere," ine ndinkatseka limodzi, linalo n'kumalondera mpingo. Ndikudziwa amene amatafuna mtedza pa pemphero lalitali. Ndikudziwa wa kwaya amene ankasuzumira mzere wa atsikana. Sinditchula maina, ena ndi akuluakulu tsopano. Koma kunyumba kunali kwina. Mukudziwa kuti bambo amapempheretsa m'mawa uliwonse munthu asanagwire khasu. Iwo sankanena kuti titseke maso. Ankati, "Tiweramitse mitu." Ndinakula ndikuyesa kuti ndi mapempheredwe a ku Phalombe. Ndili Fomu 2 tinapita kumudzi ku maliro, n'kumva abale awo onse akuti titseke maso ngati wina aliyense. M'pamene ndinadziwa kuti mawu aja bambo anawasiya chifukwa cha ine.

Za moto uja sanazikambepo ngakhale tsiku limodzi. Tikamayenda ankakhala kudzanja langa lamanja, kumbali yabwino. Ndipo ku nazale ndinaletsedwa. Mwana aliyense wa tenanti amakula ndi kheni yothirira m'manja, mayi anuwo mapewa anachita kupendekeka nayo, koma ine ndikangoyandikira mpanda wa nazale, mawu ankachokera m'kati: "Bambo, bwererani." Ntchito zina zonse ndagwira. Ndawokera, ndapalira, ndathyola, ndasoka fodya mpaka zala kuda bii ngati phula. Inu a masiku ano mukasoka masamba awiri mwatopa, mwayamba kupempha foni ya mayi anu. Kale lathu foni inali ya mabatani, ndipo inali imodzi mzere wonse wa nyumba.

Dzinja linali bwenzi langa. Mvula ikamagwa aliyense nkhope imakhala yonyowa, ndiye tinkafanana. Mdani wanga anali nyengo yosankha fodya. Masamba akauma m'chigafa n'kuwatsitsa, fumbi lake limayabwa ngati tsabola. Anzanga ankangophethira, lapita. Ine linkalowa ngati m'nyumba yopanda chitseko, n'kukhala pansi, n'kufunsa kuti madzi akumwa ali kuti. Mankhwala ndiye tinayesa. Wina anati mkaka wa m'mawere, mayi wina woyamwitsa n'kundifinyira ine mnyamata wamkulu kale. Wina anati madzi a shuga, nyerere zinandiperekeza mpaka kusukulu. Bambo anandigulira magalasi akuda pa tsiku la msika ku Santhe, a mwendo umodzi, kwinako tinamanga ulusi wosokera fodya. Ndinkaoneka ngati woimba wotchuka amene galimoto yamuthera mafuta.

Polemba mayeso a Fomu 4 m'pamene zinafika povuta. Kunali kuzizira, mwera ukuwomba, ndipo diso linkabaya ngati muli mchenga wa mtsinje wonse. Ndinamaliza mayeso nditaliphimba ndi dzanja. Tsiku lina mayi akundiyang'ana padzuwa anati, "Apongozi, pakati pa disoli pali kadontho koyera." M'mawa mwake bambo anavala jekete yawo ya Lamulungu, tinakwera minibasi ya ku Boma.

Adokotala a maso anali mayi wamfupi, wosachedwa ndi moni wautali. Anandidonthezera mankhwala achikasu, n'kundiunika ndi kanyali.

"Chikope ndi chitseko cha diso," anatero. "Chanuchi chakhala chotsegula zaka zonsezi. Diso lauma, fumbi lakanda, tsopano layamba chilonda. Chilondachi ndichiza ndi mankhwala, koma chitseko tikapanda kukonza chibweranso. Kadonthoka kakakula, diso lapita, ndipo silibwerera."

Bambo anali atagwira chipewa ndi manja awiri. "Mukonza bwanji, adokotala? Khungu lake linapsa."

"Tidula chipserachi kuti chikope chimasuke, chibwerere m'malo mwake. Pakhala mpata. Pampatapo tiyika chigamba cha khungu lake lomwe, lochokera kuseri kwa khutu."

"Khungu la kukhutu lingamere pa tsaya?"

"Mumalima chiyani, bambo?"

"Fodya."

"Mumafesa pomwe mumakolola?"

"Ayi, timafesa ku nazale n'kuwokera kumunda."

"Basi, ifenso tiwokera. Chikagwira, diso lapulumuka. Chikakana kugwira, chikope chitembenukanso."

Ndinaona bambo akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Zinawalowa. Kapena ndinene kuti zinawalowa mopitirira, koma tifika.

Za opaleshoni anthu amakonda kufunsa ngati ndinaopa. Ine? Bedi ndi limene linkanjenjemera, ine ndinangogona pamwamba pake. Anandibaya jakisoni pamkono, wina n'kundifunsa dzina la sukulu yanga, ndipo yankho lake mpaka lero sindinamalize. Podzuka ndinapeza andisoka ngati mpira wachikopa. Kuseri kwa khutu bandeji. Pa tsaya anasokererapo kampira ka thonje kopanikiza chigamba chija. Ndiye panali ulusi wina wochokera pachikope, wokokedwa m'mwamba n'kumatidwa pamphumi ndi pulasitala, kuti chikope chisagwenso. Ndikakwinya pamphumi, nkhope yonse inkayenda ngati chidole.

Mayi atalowa anaima kaye pakhomo. Mukudziwa kuti pa esiteti pano palibe amene amasoka fodya kuposa iwo. Anayandikira, n'kumayang'ana ulusi uja umodziumodzi, milomo atailuma. Ndinkayesa kuti alira. Koma anati, "Mayi uyu ali ndi dzanja. Akanakhala wa pa mzere wathu, chigafa chikanadzaza dzuwa lisanapendeke." Adokotala atamva anaseka mpaka kugwira khoma.

Ndinakhala m'chipatala masiku angapo, ndikudya phala la anthu atatu poti oyandikana nawo analibe chilakolako ndipo ine ndine wachifundo, mwamva kale. Kenako anachotsa thonje lija ndi ulusi wa pamphumi. Chikope chinali chotupa, koma chinali m'malo mwake. Potitulutsa adokotala anatipatsa mankhwala opaka ndi odontheza, n'kuloza bambo ndi chala.

"Fumbi ayi. Utsi ayi. Kukanda ayi. Chilichonse chimene muone pachigambapa, musachigwire. Mukakayika, bwerani."

Tsono tamverani. Unali mwezi wa Ogasiti. Kuuza tenanti wa fodya kuti fumbi ayi mwezi umenewo kuli ngati kuuza chule kuti madzi ayi. M'nyumba mwathu fodya wosankhidwa anali mpaka kudenga, tinkagona naye, tinkadya naye. Panja jeke ikudinda mabelo omaliza, mphepo ikusesa minda yonse ya Kasungu n'kudzatayira pakhomo pathu. M'minibasi ndinkangoganiza kuti chigamba changa chifa tsiku lomwelo. Titatsika bambo sanakhotere kunyumba. Anati, "Bambo, tiyeni kuno."

Ananditengera kudambo. Ku nazale, kumene anandiletsa moyo wanga wonse.

Masiku amene ine ndinkadya phala la anthu atatu, iwo ankabwerera kuno kudzamanga mpanda wa nazale nthawi yake isanakwane. Udzu anaupanikiza kawiri, kuti mphepo isapeze polowera. Pakati anaimika kachisakasa, pansi n'kuyala mphasa pamwamba pa udzu wofewa. Mabedi anali atagaulidwa, koma mapesi anawaunjika kutali, osayatsa. Anandikhazika pamphasa, n'kunyamula kheni yawo yakale ya chigamba pansi, n'kuyamba kuthirira nthaka mondizungulira, kuti fumbi lisadzuke.

"Mbande yowokera kumene imafuna mthunzi ndi chinyezi," anatero, osandiyang'ana.

Ana inu, ine ndinaleredwa ngati fodya. M'mawa kheni, madzulo kheni, dzuwa likakula masana kheni yowonjezera. Madzi amene bambo anathira mondizungulira akanadzaza damu la ku Lifupa, njovu n'kumasambiramo. Chakudya mayi ankaphikira kunyumba n'kubweretsa chovindikira, poti moto unaletsedwa dambo lonse. Munthu wosuta akadutsa, bambo ankamuthamangitsa ngati nkhuku yolowa m'munda. Matenanti anzawo ankabwera kudzasuzumira pa mpanda.

"A Mofati, mbande yanu ikukula bwanji?"

"Mwaithira feteleza?"

"Ikakhwima mutigawireko mbewu, ifenso tikufuna ana a Fomu 4!"

Mofati ndi dzina la agogo anuwo, koma mukalitchula ndikudulani makutu. Iwo ankangothirira. Ine ndinkayankha m'malo mwawo, ndili gone chagada ngati bwana, kuti mbewu iyi ndi yodula, sigawidwa kwa alimi aulesi.

Zinkayenda bwino mpaka chigamba chinayamba kusintha mtundu. Poyamba chinali chotuwa. Kenako chinada ngati biringanya, pamwamba n'kuchita nkhanambo, m'mphepete n'kumasupuka. Kuyabwa kwake, ndinkakhalira manja kuti asapite okha.

Tsono bambo anga ntchito imene amanyadira ndi kusankha fodya. Amatenga tsamba, kulitembenuzira kudzuwa, n'kudziwa pomwepo mulu wake. Lofiira uko, lowala uko, lakuda lochita chuku kutali, chifukwa limodzi lokha likalowa m'belo limawoletsa anzake. Maso awo anaphunzira chinthu chimodzi moyo wonse: chakuda ndi chowola, ndipo chowola sichigonekedwa.

M'mawa wina atamaliza kuthirira anaika kheni pansi, n'kugwada patsogolo panga. Anandigwira chibwano n'kutembenuzira nkhope yanga kudzuwa, ndendende mmene amachitira ndi tsamba. Aka kanali koyamba kuti ayang'ane mbali yakumanzereyi osathawitsa maso. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ichi chafa," anatero.

"Adokotala anati tisachigwire."

"Adokotala sanachione chitada chonchi."

Anachoka. Ndinayesa kuti zatha. Dzuwa litakwera anabweranso ndi kapoto ka madzi owiritsa, kansalu koyera, ndi lezala yatsopano ili m'pepala lake. Anali ataziganizira bwinobwino, anasamba ndi m'manja momwe. Mayi anali ku jeke, dambo lonse tinalimo awiri.

"Ndingopala chakudachi pamwamba pokha," anatero. "Tsamba likachita chuku timachotsa lisanapatsire anzake. Chowolachi chili pafupi ndi diso. Chikalowa m'kati?"

"Bambo, ayi."

"Simumva kuwawa. Dzanja langa mukulidziwa."

Anavundukula lezala. Pakamwa panga paja, pamene sipanatsekepo chibadwire, panauma gwa. Kuthawa sindikanatha, kunja kwa mpanda kunali fumbi lokhalokha. Kulimbana nawo sindikanatha, munthu amene amanyamula belo yekha. Ndipo kunena zoona, mtima wina unkandiuza kuti mwina akunena zoona, mwina chafadi. Koma ndinakumbukira chala cha adokotala chija. Dzanja lawo lamanzere linali litafika kale pachibwano panga.

Ndinaimirira. Mawu amene anatuluka sindikudziwa kumene anachokera, mwina ku Phalombe.

"Mofati! Ika pansi chimenecho."

Ana inu, mbalame zinasiya kulira. Achule anamira. Chibadwire ndinali ndisanatchulepo dzina limenelo, ngakhale kumbali. Bambo anangoti kakasi, lezala ili m'mwamba.

"Dzinali unandipatsa wekha," ndinatero. "Ngati ndine Bambo pokamanga mbuzi, ndine Bambo leronso. Mwana sayika lezala pankhope pa bambo ake."

Ndinadikira khofi. Ndinali nditasankha kale tsaya loti ndipereke, lakumanjali. Koma dzanja lawo linatsika pang'onopang'ono. Anakhala pansi pa nthaka yonyowa ija, n'kuyang'ana mulu wa mapesi uli patali.

"Tsiku lija ndinali pomwepa," anatero motsitsa. "Ndinayang'ana kumbali, inu n'kupsa. Ndiye lero ndikhalenso ndikungoonerera diso likuwola?"

Zaka zonse zija, amenewa ndiwo anali mawu awo oyamba pa za moto uja. Ukali wanga wonse unasungunuka. Koma ndinali nditayamba kale ukulu, sindikanausiyira panjira.

"Sukuonerera," ndinatero. "Katenge njinga. Adokotala anati tikakayika tibwere."

Anandiyang'ana. Kenako anabweza lezala m'pepala lake n'kuika m'thumba la malaya.

"Chabwino, Bambo."

Mukudziwa mmene timanyamulira mbande kuchokera ku nazale kupita kumunda, titaziphimba ndi chiguduli chonyowa? Ndi mmene ndinayendera. Anatenga chitenje cha mayi, kuchiviika m'madzi, kundifunditsa mutu wonse, n'kundikweza pa keliyala. Anapalasa mpaka kumsewu osaima, ine ndikungomva anthu akufunsa ngati ali mkwatibwi kapena maliro. M'minibasi kondakitala anafuna kundiika kumbuyo pamodzi ndi matumba.

Adokotala anatilandira osadabwa. Ananyowetsa thonje, n'kumafewetsa nkhanambo ija pang'onopang'ono, kenako anaikweza ndi kachitsulo kopanira. Bambo anali ataima pakona, chipewa chili m'manja, osapuma.

"Bambo, tabwerani muone mbande yanu."

Anayandikira. Adokotala anandipatsa kagalasi nanenso ndinaona. Pansi pa chakuda chija panali khungu lofiirira, losalala, lamoyo ngati la mwana wakhanda.

"Chagwira," anatero adokotala. "Kuda kuja ndi kachikopa ka pamwamba, kamafundula kokha. Mizu ili pansi."

Bambo anapisa m'thumba, n'kutulutsa lezala ija, n'kuiika patebulo. Adokotala anayang'ana lezala, anayang'ana bambo, anayang'ana ine.

"Mukanapala, mukanazula ndi mizu yomwe. Anakuletsani ndani?"

"Bambo anga," anatero bambo, akuloza ine.

Adokotala sanamvetse, ndipo ife sitinafotokoze. Anangoti mtundu wa chigamba udzabwera pang'onopang'ono, mwina osafanana ndendende ndi tsaya, ndipo kadontho kaja kapola, kangotsala kachizindikiro kosatchinga kuona. Atamva za nazale ndi kheni anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi kuseka, koma anati fumbi linapewedwadi, tipitirize mpaka ulusi wonse utachoka.

Ndinakhalanso m'nazale muja mpaka kutupa kutatha. Nditabwerera m'nyumba mabelo anali atapita, mayi atazira pansi mwatsopano. M'mawa mwake tinasonkhana pakhonde monga mwa masiku onse, mayi anu analipo, iwe Tadala unali kumsana, sungakumbuke. Bambo anavula chipewa. Anayamba, "Tiwera..." n'kuima. Anakhosomola.

"Titseke maso," anatero. "Tonse."

Ndinatseka. Onse awiri, ana inu. Chikope cham'mwamba chinatsika, cham'munsi chinachilandira, n'kugwirana ngati anthu opatsana moni atasiyana kalekale. Mdima wake unali wokoma, wopanda kampata, wopanda mphepo. Ndikanatha kukhalamo mpaka Khirisimasi.

Koma mlonda ndi mlonda. Pemphero lili pakati ndinatsegula pang'ono lakumanzereli, mwakufuna kwanga, kwa nthawi yoyamba. Mayi anali atatseka. Mayi anu atatseka. Wopempheretsayo ndi amene maso anali pamtunda. Pakamwa pakutchula odwala ndi a paulendo, koma maso ali pa ine, pachikope changa chotsekacho, misozi ikutsika mbali zonse ziwiri mpaka m'ndevu. Tinaonana. Iwo sanathawitse maso. Ine ndi amene ndinatsekanso.

Atati ameni ndinati, "Mayi, ndiwo zikachepa mchere tsopano mukudziwa koti mupite. Ine sitolo ndatseka."

Mayi anandiponyera chipande. Bambo anapukuta nkhope ndi chipewa, n'kulowa m'nyumba. Potuluka anali ndi kheni ija, ya chigamba pansi. Anandipatsa ndi manja awiri.

"Bambo, mawa tikufesa. Mubwere ku nazale."

Ndi iyo ili pakhomoyo. Inde, ndi yakale, ikudontha, ndipo mayi anu akuti tiitaye. Aiyese. Ine ndi iyo tonse tili ndi zigamba, ndipo tonse tikugwira ntchito. Mphatso, siya kukoka chikope chakocho, sizoseweretsa, ndipo khutu lako ndi laling'ono, silingakwane chigamba. Bwera ugwire apa, pang'onopang'ono. Wamva kusalala? Limeneli ndi khutu, n'chifukwa chake mukamandinena kumbali ndimamva ndi tsaya lomwe.

Tsono nyamukani, dzuwa lapendeka ndipo mbande zikudikira madzi. Inu mutenge zigubu. Kheniyo musaigwire, ndi yanga. Zaka zonse zija ankandibweza pa mpanda paja, lero ndikalowa ine patsogolo.